Ojambula zowotcherera abweranso kumapeto kwa mwezi: kapitawo aonetsetse chiyani?

Funso lachokera kwa bambo wina amene ndi kapitawo pa shopu yowotcherera mathanki ku Makata. Iwo akuti: "Tapeza oda ya mathanki a mafuta, ndipo eni ake akufuna misoko yonse ijambulidwe asanalandire katundu. Sabata yatha kunabwera anyamata awiri ndi kasutikesi kachitsulo kolemera, anamanga chingwe cha pulasitiki n'kutiuza kuti tisuntheko pang'ono. Mmodzi ndinamuona akusiya kabaji kake m'galimoto. Abwana akuti chitetezo cha anthu chili m'manja mwanga, koma ine zinthu izi sindizidziwa. Anyamata anga ali ndi mantha. Ena akuti munthu sabereka, ena akuti ndiziwagulira mkaka. Ojambulawo abweranso kumapeto kwa mwezi, ndipo akufuna kudzagwira usiku. Ndichite chiyani?"

Bambo kapitawo, zikomo pofunsa nthawi ikadalipo. Ntchito yojambula zitsulo ndaigwira zaka zambiri, poyamba ngati wonyamula zida, kenako ngati woyang'anira chitetezo, ndipo m'kalata yanu mawu amene andidetsa nkhawa kwambiri ndi akuti "tisuntheko pang'ono". Pa ntchito iyi mtunda sitiyeza ndi maso. Timayeza ndi mita, kachipangizo kopimira cheza choopsa chimene zida zojambulirazi zimatulutsa, ndipo m'zonse mwalembazo simunatchule kuti munaona wina atagwira mita m'manja. Ngati munangoiwala kulemba, chabwino. Ngati panalibedi, anyamata amenewo asadzatsitsenso katundu wawo pabwalo panu mpaka atabwera nayo.

Ndiyambe ndi kasutikesi kaja. Timakatcha kamera, ngakhale mulibe galasi. Imalemera makilogalamu 20 kapena kuposerapo, ndipo kulemera konseko ndi chishango, chitsulo cholemera kuposa mtovu chimene chakuta kanthu kakang'ono zedi kali pakati. Kanthuko anzathu a ntchito amati source, ine ndizikatcha kanjere. Nthawi zambiri kamakhala ka iridium-192, kukula kwake sikaposa njere ya nyemba, ndipo kamakhala kumapeto kwa kachingwe kachitsulo kotalika ngati cholembera. Wojambula amalumikiza chubu kutsogolo kwa kamera ndi kebulo yaitali kumbuyo kwake, amaika filimu kuseri kwa msoko, ndiye amapita patali n'kupukusa chigwiriro. Kebulo imakankha kanjere kutuluka m'kamera, kudutsa m'chubu mpaka kukafika kunsonga. Cheza chake chimaboola chitsulo n'kusiya chithunzi pa filimu, ndipo ngati mu msoko muli mng'alu kapena timabowo, zimaonekera. Nthawi ikakwana amapukusa chobwerera, kanjere n'kulowanso m'nyumba yake.

Apa ndi pamene pali kusiyana ndi makina a X-ray amene mumawadziwa ku Gulupu. Makina aja ali ndi switchi, ndipo magetsi akathima nawonso amasiya. Kanjere kalibe switchi. Kamatulutsa cheza usana ndi usiku, kali m'kamera, kali m'galimoto, kali pansi m'fumbi. Chezacho sichioneka, sichinunkha, sichitentha pakhungu nthawi yomweyo. Inu owotcherera mumadziwa moto wa aki, kuwala kuja kwa powotcherera: ukauyang'ana popanda chigoba, usiku womwewo maso amachita ngati muli mchenga, ndipo mawa lake sudzabwerezanso. Kanjere sikapereka phunziro lotere. Munthu amatha kuima pafupi nako akumva bwinobwino, chilonda n'kudzatuluka patapita sabata ziwiri kapena zitatu.

Tsopano manambala, chifukwa popanda manambala mudzangokhala pakati pa mantha ndi mphwayi. Cheza chimene thupi lalandira timachiwerengera mu milisiveti. Munthu aliyense padziko amalandira pafupifupi mamilisiveti 2.4 pachaka kuchokera m'nthaka, m'miyala, m'mlengalenga ndi m'zakudya, ndipo kujambulitsa chifuwa kamodzi kuchipatala sikupitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a milisiveti imodzi. Malire amene bungwe la IAEA la ku Vienna, loona za mphamvu ya atomiki padziko lonse, limaika kwa munthu wogwira ntchito ya cheza ndi mamilisiveti 20 pachaka mukawerengera zaka zisanu pamodzi, ndipo asapitirire 50 m'chaka chimodzi. Kwa munthu wamba malire ndi milisiveti imodzi pachaka. Anyamata anu owotcherera, mlonda wanu ndi mayi wosesa mu ofesi onse ali m'gulu la anthu wamba. Chimenechi muchigwire bwino, chifukwa ena amaganiza kuti aliyense wovala ovolosi pamalopo akhoza kulandira 20.

Mphamvu ya kanjere timaiwerengera mu ma curie. Ndiye tengani kanjere ka ma curie 50, kamene ndi kapakatikati pa ntchito yathu. Kakakhala panja popanda chotchinga, munthu woima mita imodzi kuchokera pamenepo amalandira pafupifupi mamilisiveti 240 pa ola. Ndiye kuti gawo la chaka chonse la wojambula limatha pa mphindi zisanu, ndipo la wowotcherera wanu limatha musanamalize kupatsana moni. Koma cheza chimafooka msanga ndi mtunda. Mtunda ukawirikiza kawiri, mphamvu imatsika kanayi. Pa mamita awiri munthu amalandira mamilisiveti 60 pa ola, pa mamita 10 amalandira 2.4, pa mamita 100 chatsala chochepa kwambiri. Lamulo lomweli limagwiranso ntchito chobwerera, ndipo ndi kumene kuli imfa. Pa masentimita 10 ndi mamilisiveti 24,000 pa ola. Kakakhala m'manja kapena m'thumba, mnofu umapsa m'mphindi zochepa. Thupi lonse likalandira mamilisiveti 4,000 kapena kuposerapo nthawi imodzi, theka la anthu amamwalira ngati sanalandire chithandizo champhamvu.

Nchifukwa chake chingwe chija sichimangidwa pamene pali mtengo wabwino womangirirapo. Chimamangidwa pamene mita yasonyeza kuti cheza chatsika kufika pa mulingo wovomerezeka. Malangizo a IAEA amatchula pakati pa maikulosiveti 7.5 ndi 20 pa ola, ndipo maikulosiveti 1,000 ndiwo amapanga milisiveti imodzi. Ndi kanjere ka ma curie 50 kopanda chotchinga chilichonse, chingwe chingafunike kukhala mamita oposa 100 mbali zonse. Ku Makata malo otere muwapeza kuti? Kuseri kwa mpanda kuli shopu ya mnzanu, kuli njira yodutsa anthu opita ku Ndirande, kuli mayi wokazinga tchipisi amene amakhala pamalo amodzi tsiku lonse. Mpanda wa njerwa usakunamizeni. Konkire yokhuthala masentimita 4 kapena 5 imangochepetsa chezachi ndi theka, mtovu wa mamilimita 5 kapena 6 chimodzimodzi, ndipo malata ndiye sitiwawerengera n'komwe. Chimene chimapulumutsa pamalo othithikana ndi kolimeta, kachipewa kachitsulo cholemera kamene amaveka kunsonga kwa chubu kuti cheza chizituluka mbali imodzi yokha, kulunjika pa msoko. Funsani ngati ali nayo, ndipo ailozetse pansi kapena kumene kulibe anthu. Ena amaisiya m'galimoto chifukwa imachedwetsa kumangirira. Musalole.

Za epuloni ya mtovu imene amavala a X-ray kuchipatala musataye nazo ndalama. Ndi yopyapyala, siposa theka la milimita, ndipo cheza cha iridium chimangodutsa ngati palibepo kanthu.

Koma bambo, ngozi zazikulu za ntchito iyi sizichitika nthawi imene aliyense akudziwa kuti kanjere kali panja. Nthawi imeneyo anthu amakhala tcheru. Zimachitika pamene wojambula wapukusa chobwerera, wamva chigwiriro chaima, n'kukhulupirira kuti kalowa, chonsecho katsakamira m'chubu kapena kaduka pa kebulo n'kugwa pansi.

Mu February 1999, pa ntchito yomanga malo opangira magetsi a madzi ku Yanango m'dziko la Peru, kanjere ka iridium kanagwa m'zida ojambula osadziwa. Wowotcherera, munthu wa ntchito ngati ya anyamata anu, anakatola n'kukaika m'thumba lakumbuyo la thalauza. Anagwira nako ntchito maola angapo, n'kupita nako kunyumba. Atayamba kumva kuwawa pantchafu anapita kwa dokotala, amene anaganiza kuti walumidwa ndi kachilombo. Pamapeto pake, atayesa madokotala a ku Lima ndi a ku France, mwendo unadulidwa, ndipo mkazi wake nayenso anapsa chifukwa kanjereko kanali kadakali m'thumba la thalauza lomwelo. Ku Gilan m'dziko la Iran mu 1996 wantchito wina anatola kanjere n'kukaika m'thumba lapachifuwa kwa ola ndi theka, ndipo anapsa koopsa pachifuwa. Ku Morocco mu 1984 anthu asanu ndi atatu anamwalira kanjere katatengeredwa kunyumba. Ku Egypt mu 2000 mlimi anatola kena poganiza kuti ndi chitsulo chamtengo wapatali, ndipo iye ndi mwana wake wamwamuna anamwalira. Ku Bolivia mu 2002 kanjere kanatsalira m'chubu, zida n'kupakiridwa m'basi ya anthu yochokera ku Cochabamba kupita ku La Paz, anthu n'kuyenda nako maola ambiri osadziwa kanthu.

Onani amene anavulala: wowotcherera, wantchito wamba, mlimi, mkazi ndi ana kunyumba, okwera basi. Ambiri mwa iwo sanaikidwepo pansi n'kuuzidwa kuti kanthu koteroko ndi chiyani. Ndipo nkhani zotere zimathera pomwe zayambira ngati munthu mmodzi wayenda ndi mita yoyaka kuchokera pa kamera mpaka kunsonga kwa chubu asanakhudze chilichonse. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Kuno kwathu, kumene kachitsulo kalikonse konyezimira kamatoledwa n'kukagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha, ndimaganiza za zimenezi nthawi zonse ndikaona kamera ikutsitsidwa m'galimoto.

Ine zinandichitikira ndili mnyamata, pa fakitale ina imene tinkajambula mapaipi a boyila. Inali cha m'ma 2 koloko usiku, titajambula kale misoko yambiri, maso akulemera. Ndinapukusa chobwerera, chigwiriro chinaima, ndinadzuka kuti ndikachotse filimu. Mita ndinaisiya pa diramu chifukwa manja onse anali ndi katundu. Nditangoyenda masitepe angapo, kaalamu ka m'chiuno kanayamba kulira motsatizana, ndipo mkulu amene ndinali naye anandigwira kolala n'kundikokera kumbuyo. Sanakalipe. Anatenga mita, n'kundionetsa muvi wake uli kumapeto. Chitsulo china chinali chitagwera pa chubu n'kuchiphwanya pang'ono, moti kanjere kanaima pakati panjira. Ndikanafika pa filimu, dzanja langa likanadutsa pamwamba penipeni pake. Mpaka lero ndikakumbukira kalirolo thupi limachita tsembwe, ndipo kuyambira usiku umenewo sindiyandikira kamera mita ili patali ndi dzanja langa.

Ndiye mukadzaima kunja kwa chingwe kumapeto kwa mwezi, chimene mudzayang'anitsitse ndi ichi. Akangomaliza kupukusa chobwerera, wojambula anyamule mita, iyake, ayandikire pang'onopang'ono akuyang'ana pa mita, apime kuzungulira kamera, atsatire chubu chonse mpaka kunsonga, atseke loko, kenako ndiye akhudze filimu. Azichita zimenezi pa chithunzi chilichonse, cha 1 ngakhale cha 40, chifukwa chimene chimavulaza anthu ndi cha 40 chija, pamene atopa ndipo zonse zakhala zikuyenda bwino. Pali kanthu kena kamene ambiri sakadziwa. Mita yabwino ikayandikizidwa pa kamera imene muli kanjere, siwerenga ziro, chifukwa cheza chochepa chimadutsabe pa chishango. Wojambula wodziwa ntchito amaidziwa nambala ya kamera yake. Mita ikasonyeza ziro pamenepo, ndiye kuti mwina mita yafa, mwina kanjere mulibe, ndipo zonse ziwirizi ndi zoimitsa ntchito. Musanayambe, apempheni akuonetseni mita ikuyaka, mabatire apadera, ndi pepala losonyeza kuti inayesedwa m'miyezi 12 yapitayi.

Za baji imene mnyamata uja anasiya m'galimoto. Baji siteteza munthu, ndipo silira. Ntchito yake ndi kusunga mbiri ya cheza chimene mwini wake walandira, ndipo imatumizidwa kukawerengedwa, kwa ojambula kawirikawiri mwezi ndi mwezi. Wojambula aliyense amafunika zinthu zitatu: baji yolembedwa dzina lake, kaalamu ka m'chiuno, ndi mita. Chimodzi sichilowa m'malo mwa chinzake. Mnyamatayo musafulumire kumuona ngati wopusa. Pa zaka zanga ndaona kuti munthu amabisa baji akamaopa kuti ikawerenga zambiri amuimitsa ntchito popanda malipiro, ndipo amathamanga akamalipidwa potengera kuchuluka kwa mafilimu. Kanjere ka iridium kamafooka ndi theka pa masiku 74 alionse. Kuno tilibe kopangira, kamachokera kunja, ndipo ndalama zakunja mukudziwa m'mene zimavutira. Ndiye kampani imakakamira kanjere kakale, chithunzi chimene chinkatenga mphindi imodzi chimayamba kutenga zinayi, usiku ndi womwewo, misoko ndi yomweyo, ndipo nthawi yotayikayo anyamata amakaibweza podumpha kupima. Komanso kanjere kamene amati katha mphamvu ndi kotha pa ntchito yojambula yokha. Ka ku Gilan kaja kanali ka ma curie 5 basi.

Apa ndi pamene inuyo ndi abwana anu muli ndi mphamvu yoposa imene mukuiganizira. Mwini malo akamaima kumbuyo kwa wojambula n'kumati "fulumirani, lole ikubwera m'mawa", iyeyo ndi amene akuchotsa mita m'manja mwa mnyamatayo. Khalani nawo pansi masiku angapo ntchito isanayambe, muwerenge misoko, iwo anene maola amene akufunika, ndipo muwapatse maolawo ndi ena apamwamba. Ngati sizikwana usiku umodzi, zikhale mausiku awiri. Abwana akadandaula za mtengo, auzeni kuti thanki yochedwa tsiku limodzi imaperekedwabe kwa mwini wake.

Mapepala nawo muwaone ndi maso anu. Dziko lathu lili ndi lamulo la za mphamvu ya atomiki la chaka cha 2011, ndipo bungwe loyang'anira ndi Atomic Energy Regulatory Authority, limene ambiri amangoti AERA. Kusunga, kunyamula kapena kugwiritsa ntchito kanjere kotere kumafuna laisensi yochokera kumeneko, ngakhale kampaniyo itachokera ku Johannesburg kapena ku Beira ndi mapepala akwawo. Pemphani kopi ya laisensi, muone ngati masiku ake sanathe. Pemphani dzina ndi nambala ya foni ya woyang'anira chitetezo cha cheza wa kampaniyo, munthu amene angayankhe foni pakati pa usiku. Pemphani ziphaso zosonyeza kuti ojambulawo anaphunzira za chitetezo, komanso ndondomeko yolembedwa ya zimene adzachite kanjere kakatsakamira. Ndiye suzumirani m'galimoto mwawo. Muyenera kuona chopanira cha mpini wautali, mita imodzi kapena kuposerapo, matumba a njere za mtovu ofunditsira kanjere, chodulira zitsulo, ndi mtsuko wa mtovu wosungiramo. Amene ali ndi zinthu zake sakwiya mukamufunsa, amangotsegula buti. Ndipo pa kamera iliyonse pakhale anthu awiri, onse ophunzitsidwa. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri. Munthu waganyu wotoledwa pageti kuti azigwira chingwe sitimuwerengera.

Maganizo ogwira usiku ndi abwino, chifukwa anthu amakhala atachoka. Koma usiku uli ndi mavuto ake. Chingwe cha pulasitiki sichioneka mumdima, ndiye pafunika nyali zothwanima ndi zikwangwani za chizindikiro cha cheza, chija cha mapiko atatu pa chikasu, ndipo nyalizo zikhale za mabatire, poti magetsi athu akhoza kuthima kanjere kali panja. Pafunikanso wezulo kapena sairini, ndipo aliyense adziwe kulira kotanthauza kuti katsala pang'ono kutuluka ndi kotanthauza kuti kalowa. Musanalole kuti ayambe, inu ndi wojambula muyende malo onse ndi tochi: m'kati mwa mathanki, kuseri kwa milu ya zitsulo, kuchimbudzi, pamwamba ngati pali nsanja. Anthu amagona m'malo odabwitsa, makamaka nyengo yozizira ya June ndi July pamene munthu amafuna pobisalira mphepo. Muwerenge anthu potuluka monga muwerengera zida madzulo. Pa chithunzi choyamba wojambula mmodzi azungulire chingwe chonse ndi mita, ndipo atulukenso kunja kwa mpanda kukapima kumene kumadutsa anthu. Eni shopu zoyandikana nanu auzidwe tsiku ndi maola, makamaka ngati ali ndi shifiti ya usiku.

Kamera ikagona pamalo panu, igone m'chipinda chokhoma chokhala ndi chikwangwani, makiyi ali ndi wojambula, kutali ndi penti, mafuta ndi mabotolo a gasi. Isagone m'galimoto yoimikidwa panja pa malo ogona alendo. Akuba sadziwa kuti ndi chiyani, amangoona chinthu cholemera chooneka chodula. Ndipo ntchito ikatha, asananyamuke, apime kamera komaliza inu mukuona, apimenso pansi pamene amagwirira, ndipo nonse musaine kuti kanjere kachoka pamalo panu kali m'nyumba yake.

Zinthu zikalakwika, ntchito yanu ndi yochepa koma ndi yofunika. Chotsani anthu onse, muwapititse kutali, futukulani chingwe, ikani munthu pa khomo lililonse kuti wina asalowe, ndipo muimbire woyang'anira chitetezo wa kampaniyo ndi a AERA. Kanjere kakakhala pamalo amodzi, anthu ali kutali, palibe chothamangira. Kakhoza kudikira mpaka kuche pamene akatswiri akukonza mapulani. Chimene chimapundula anthu ndi mtima wofuna kukonza msangamsanga abwana asanamve, munthu n'kugwira chubu ndi manja kuti akagwedeze. Lembani nthawi, ndi mayina a onse amene anali pafupi, pamene anaima ndi mphindi zimene anakhalapo, chifukwa madokotala adzadalira zimenezo. Aliyense wokayikiridwa apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akumva bwino, ndipo akanene mosabisa kuti anali pafupi ndi kanjere ka cheza. Mseru ndi kusanza kwa maola oyamba zimafanana ndi malungo kapena chakudya choipa, ndipo dokotala wa ku Gulupu amene waona odwala ambirimbiri tsiku limenelo sangalote yekha. Akauzidwa, amadziwa kuti ayeze magazi mobwerezabwereza ndi kuyang'anira khungu kwa masabata angapo. Anyamata anu muwatsimikizire pamaso pa abwana kuti wonena zoona sadzachotsedwa ntchito. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Tsopano za mkaka ndi kubereka. Mkaka ndi chakudya chabwino, ndipo ngati abwana akufuna kugula agule, koma sutchinga cheza ndipo suchotsa chilichonse m'thupi. Chimandidetsa nkhawa ndi chakuti munthu akamwa amadziona ngati watetezeka, n'kuyamba kuyandikira chingwe. Cheza cha kanjere chimadutsa m'thupi ngati kuwala kudutsa pa galasi. Chikhoza kuwononga pamene chadutsa, koma sichitsalira. Munthu amene anali pafupi sapatsira mkazi wake kapena ana, zovala zake sizikhala ndi kanthu, ndipo thanki yojambulidwa mukhoza kuigwira nthawi yomweyo kanjere kakangotsekeredwa. Za kusabereka zili ndi pochokera, chifukwa cheza chochuluka cholandiridwa nthawi imodzi, kuyambira mamilisiveti 100 kupita m'tsogolo, chimachepetsa mbewu ya abambo kwa kanthawi, ndipo chikafika masauzande angapo chimaiwonongeratu. Koma munthu woima kunja kwa chingwe chopimidwa bwino, ngakhale ataima pamenepo usiku wonse, safika ngakhale pa milisiveti imodzi. Chimene malire a pachaka aja amafuna kuchepetsa ndi mwayi wodwala khansa patapita zaka zambiri, umene umakwera pang'onopang'ono cheza chikamaunjikana. Nchifukwa chake ngakhale kunja kwa chingwe sitilola anthu kuima n'kumaonerera. Wopanda chochita pamalopo apite kunyumba. Mayi woyembekezera ndi ana a sukulu ya ntchito osakwana zaka 18 asapezeke pafupi n'komwe.

Pali munthu mmodzi amene simunamutchule, koma ndikudziwa kuti alipo: mlonda wa usiku. Misonkhano ya chitetezo imachitika m'mawa iye atapita kukagona, zikwangwani zimalembedwa m'Chingerezi, ndipo ntchito yake ndi yoyendera malo onse, kuphatikizapo kumene kwamangidwa chingwe. M'bandakucha, ojambula atapita, iyeyo ndi wosesa ndi amene amayamba kuona chilichonse chogwa pansi. Mumuitane madzulo a tsikulo pamodzi ndi anyamata anu onse ndi wosesayo. Wojambula abwere ndi kachingwe kachitsanzo kopanda kanjere, kamene makampani amakhala nako kophunzitsira, kapena chithunzi chake, aliyense akaone ndi maso. Muwauze m'Chichewa kuti akaona kanthu kotere pansi asakatole, asakaponde, asakakankhe ndi tsache, achoke, aletse ena, aimbe foni. Mlondayo mumusonyeze pamene adzakhale usiku umenewo, pamalo pamene mita yapima inu mukuona, ndipo kambaula kake ka makala mukasamutsire komweko kuti asadzabwerere kukakatenga. Mumulembere papepala nambala yanu ndi ya woyang'anira chitetezo wa ojambulawo, ndipo muonetsetse kuti m'foni mwake muli mayunitsi.